Anyamata okwera mitengo ndi mauta: zimene mavidiyo a ku America saonetsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanu lino za kamchitidwe kamene kayamba pakati pa anyamata kuno ku Mangochi, makamaka m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango, kuchokera cha ku Namwera uko kutsetsereka mpaka kufupi ndi nyanja ya Malombe. Masiku ano mnyamata akangopeza kabandulo ka intaneti ndiye kuti ali pa Facebook kapena YouTube, ndipo mwa zimene akuonera kwambiri muli mavidiyo a alenje a ku America atakhala pa kansanja pamwamba pa mtengo, uta uli m'manja, gwape akudutsa pansi, muvi fyuu, kenako munthu uja akumwetulira atagwira nyanga. Kavidiyo kake ka mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Ndiye anyamata athu akuona ngati nkhani yonse ndi yomweyo, kukwera ndi kulasa, moti ena ayamba kale kupinda nsungwi, kusula misomali ya sikisi inchi kuti ikhale mivi, n'kumakachezera m'mitengo ya m'mbali mwa minda ati akudikirira nguluwe ndi agwape. Ine zimenezi zikundidetsa nkhawa kwambiri. Alamu anga amakhala ku Indiana, chigawo china cha ku America, ndipo amasaka nawo mwanjira imeneyi, timakambirana kawirikawiri, ndiye ndati ndifotokoze zimene mavidiyo aja amadula.

Chinthu chimene mlenje wanzeru wa kumeneko amayamba kugula si uta ayi, ndi malamba omangira thupi. Malamba ake amazungulira mapewa, chifuwa ndi ntchafu zonse ziwiri, ngati aja amavala anthu okonza mawaya a magetsi pa mapolo, ndipo kumsana kumakhala kachingwe komangirira ku mtengo pamwamba pa mutu, kofupika ndithu moti munthu akakhala pa mpando kamangotsala pang'ono kukungika, cholinga chake akaterereka asagwe mtunda wautali. Kale ankangomanga lamba mmodzi m'chiuno koma anasiya, chifukwa munthu akagwa lamba uja amakwera n'kukafinya pachifuwa kapena kumuzondotsa mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kubanika ali lende. Komanso ngozi zambiri sizichitika munthu atakhazikika kale, zimachitika pokwera, potsika, makamaka pa kamphindi kaja akuchotsa phazi pa makwerero kuti aponde pa nsanja, nchifukwa chake amamanga chingwe china chachitali chochokera pansi mpaka pamwamba chokhala ndi mfundo ija amati Prusik, imene ukamaikankha ndi dzanja imayenda bwinobwino koma ukangoilemera mwadzidzidzi imaluma chingwe osasunthanso. Munthu amadzikola ku mfundo imeneyo phazi lisanachoke pansi ndipo amadzimasula atabwereranso pansi. Uta sakwera nawo kumanja, amausiya pansi ataumanga kachingwe kena n'kuukoka akakhala. Asananyamuke kunyumba amauza munthu mtengo umene akakhale ndi nthawi yobwerera. Zonsezi si mantha, dziko lija lili ndi mfuti zosawerengeka koma chimene chimavulaza kwambiri alenje a agwape ndi kugwa mumtengo, osati kuomberana.

Nsanja zimenezi amazipachika pa mamita 5 kapena 6. Munthu akagwa kuchokera pamenepo nkhani yake imakhala ya msana, chiuno kapena khosi.

M'mudzi mwathu taziona kale. Mnyamata wina wa fomu 3, mwana waulemu wake ndithu, anamangirira kathabwa ndi luzi pa mphanda ya mkuyu wa kudimba la amayi ake n'kukhala pamenepo usiku onse ndi kauta kake ka nsungwi. Cha kum'bandakucha tulo tinamuba. Anamupeza amayi opita kukatunga madzi ali thapsa pansi akubuula, fupa la ntchafu litathyoka, patapata wake mmodzi atatsala mumtengo momwemo, ndipo nguluwe imene ankaidikirayo sanaione n'komwe. Anamunyamula pa machira mpaka kumsewu, kuchipatala anakagona nthawi yaitali mwendo ataukoka ndi chitsulo, mayeso a teremu anamudutsa, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina. Amayi ake ndalama ya feteleza inathera pa thiransipoti ndi kudyetsa wodwala. Chomvetsa chisoni n'choti anzake sanasiye, angosintha mtengo.

Nsanja za ku America zija si thabwa ndi luzi. Ndi zachitsulo kapena aluminiyamu, zogula m'sitolo, zolembedwa kulemera kumene zingapirire. Ina imakhala ndi makwerero ake yongotsamiritsa ku mtengo, ina amakaipachika ndi tcheni kapena lamba, ina ndi ya zigawo ziwiri imene munthu amakwera nayo pang'onopang'ono mtengo ukakhala wowongoka wopanda nthambi, ndipo achinyamata ambiri pano akonda ija amati saddle, chovala cha m'chiuno ndi m'matako chimene umalendewera nacho pa chingwe mapazi ali pa kachitsulo kakang'ono. Mtengo wouma kapena wofumbwa sakwera.

Utanso ndi wina. Umene mumauona m'mavidiyo uli ndi timawilo m'nsonga zake, anautulukira munthu wina wa ku Missouri dzina lake Holless Wilbur Allen ndipo chiphaso cha umwini wa luso lakelo chinatuluka mu 1969. Ntchito ya timawilo tija ndi yakuti pokoka nsinga umalimbana ndi makilogalamu 25 kapena 30, koma ukafikitsa kumapeto kulemera kuja kumatsika ndi pafupifupi 80 peresenti, umangogwira makilogalamu 5 kapena 6, ndiye ukhoza kudikira utakoka kale mpaka nyama itaima bwino. Muvi umachoka pa liwiro la mamita 80 kapena 90 pa sekondi, ndipo kumutu kwake kumakhala malezala awiri kapena atatu akuthwa zedi, chifukwa muvi supha ndi mphamvu yomenya monga chipolopolo, umapha podula mitsempha kuti magazi atayike msanga. Uta woterewu ndi madola mazana angapo, wina umapitirira 1,000, osawerengera mivi. Ndipo zigawo zambiri za dzikolo zinaika m'malamulo kuti uta wofooka usalase gwape, kwina malire ake ndi mapaundi 35 (pafupifupi makilogalamu 16) kwina 40 (pafupifupi makilogalamu 18), chifukwa uta wofooka umangovulaza. Tsono taganizani nsungwi yokungidwa ndi chingwe cha neti, muvi wa bango, msomali kutsogolo. Umenewo ukalowa pa thako la mbawala nyama imathawa nawo, bala limaola, imakafa patapita masiku kutali uko, palibe wadya, afisi okha.

Wina anena kuti nanga makolo athu sankasaka ndi mauta a mtengo? Ankasaka, koma mivi yawo inkadalira ulembe. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka kombe, chomera cha poizoni, ndipo John Kirk amene ankayenda ndi David Livingstone m'zaka za m'ma 1860 anatenga mbewu zake, ku Ulaya anapangako mankhwala a mtima. Anali akatswiri odziwa chimene akugwira, ophunzira kwa atsibweni awo kwa zaka. Sindikunena kuti tibwerere ku ulembe, zapoizoni posaka n'zoletsedwa kuno ndipo ngakhale ku Indiana muvi wa poizoni ndi mlandu. Ndikungoti anyamata athuwa alibe za makolo, alibenso za azungu, ali ndi foni yokha.

Pomwe pali luso lenileni ndi pa mphepo, ndipo apa ndimakhala ndi chidwi chifukwa ife a kunyanja mphepo timaidziwa, mwera, mpoto, vuma, msodzi aliyense amayamba wayang'ana kumwamba asanakankhe bwato. Gwape wa ku America uja, wa mchira woyera, amadalira mphuno kuposa maso. Mlenje amayamba wafufuza kwa masabata kumene nyama zimagona, kumene zimadya, kaya ndi munda wa chimanga kapena soya, kaya ndi pansi pa mitengo ya oak imene imayoyola mbewu zake miyezi imeneyo, ndi kanjira kolumikiza malo awiriwo, kenako amasankha mtengo wa mbali imene mphepo ikupita kuti fungo lake lisawolokere pa kanjirako. Tsiku limene mphepo yatembenuka sakwera mtengo umenewo ngakhale atakhala kuti watenga tchuthi kuntchito, amapita ku wina kapena kukhala kunyumba, chifukwa gwape wamkulu akakununkhiza kamodzi pamalopo amasintha njira kapena kumangodutsa usiku. Kumalo a mapiri amawerengeranso kuti m'mawa dzuwa likatenthetsa nthaka mpweya umakwera phiri, madzulo kukazizira umatsika n'kutengera fungo lako kuchigwa. Amayenda ndi kabotolo ka ufa woyera kofinya kuti aone kumene mpweya ukulowera, zimene agogo athu ankachita ndi phulusa kapena kafumbi ka pansi. Ngakhale njira yopitira ku mtengo amaisankha, sadutsa pomwe nyama zimadutsa, amavala majombo a labala, ndipo amafuna mtengo wokhala ndi nthambi kapena mitengo ina kumbuyo kuti gwape akatukula mutu asaone chithunzi cha munthu chili poyera kumwamba. Tinthambi totchinga muvi amatidulira kale nyengo isanayambe. Akatero n'kukhala chete maola atatu, anayi, nthawi zina tsiku lonse mu Novembala pomwe atonde amayendayenda kufuna zazikazi, kuli chisanu chooneka ndi maso, ndipo masiku ambiri amatsika osaponya muvi ngakhale umodzi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Maola amenewo m'vidiyo mulibe.

Nyama ikabwera si kuti ndiye walasa. Ambiri salasa patali kupitirira mamita 18 mpaka 27, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi pomwe muvi uli pa 80 kapena 90, ndiye kulira kwa nsinga kumafika m'makutu mwa gwape muvi usanafike, iye amanyonyomala kuti adumphe, ndipo mtunda ukatalika muvi umadutsa pamwamba kapena kulasa pamsana pomwe sipoyenera. Kukoka uta amadikira mutu wa nyama utabisika kuseri kwa mtengo kapena itayang'ana kwina. Ikamayenda amalira pang'ono ndi pakamwa kuti mee kuti iime. Amafuna itaima chopingasa kapena itapereka nthiti chotembenukira kutali pang'ono, n'kuloza kuseri kwa mwendo wakutsogolo kuti muvi uboole mapapo onse awiri n'kutulukira mbali inayo, ndipo poti ali pamwamba amawerama m'chiuno osati kungotsitsa mkono, apo ayi muvi umakwera. Apa ndi pomwe kukwera pamwamba kwambiri kumapweteketsa, chifukwa nyama ikakhala pafupi ndi tsinde muvi umatsika chothyoka n'kuboola papo limodzi lokha, ndipo gwape wa papo limodzi amathamanga mtunda wautali. Ikayang'anizana naye maso ndi maso kapena ikapereka matako, mlenje wolongosoka amaileka ipite.

Muvi ukachoka sathamangira kutsika. Amayang'anitsitsa kumene nyama yalowera, amasunga m'mutu mtengo womaliza umene yadutsa, n'kudikira mphindi 30 kapena kuposa. Akatsika amayamba wawerenga muvi. Magazi ofiira motuwa okhala ndi tithovu ndiye kuti ndi mapapo, nyama ili pafupi. Magazi akuda bii ndi chiwindi, adikire maola angapo. Muvi ukatuluka ndi zobiriwira zonunkha ndiye kuti walasa matumbo, pamenepo amabwerera kunyumba mwakachetechete n'kudzabwera patapita maola 8 kapena 12, chifukwa ukaithamangitsa imadzuka pomwe inagona n'kukasowera kutali. Alamu anga amati palibe chimene chimawasowetsa tulo ngati nyama yolasidwa yosapezeka, ndipo ine ndimawamvetsa.

Tsono bwerani nazo kwathu kuno. Nguluwe imayenda usiku. Alenje a agwape aja amaloledwa kulasa kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa, kusaka gwape ndi tochi ndi mlandu. Ife anyamata akukhala mumtengo mdima uli bii, m'munda mmene mumadutsa anthu ochokera kumaliro, asodzi olawirira kunyanja, mbuzi zosokera, ana otumidwa, ndiye tswatswa aliyense m'chimanga kwa munthu watulo wogwira uta ndi nguluwe basi. Tsiku lina tidzalira maliro a munthu wolasidwa ndi mwana wa neba wake. Komanso nguluwe si gwape, ili ndi chikopa cholimba ndi mano ocheka, ukaivulaza n'kutsika kuti uitsatire m'chimanga chowirira ndiwe amene ukasakidwe.

Koma chimene ndikufuna awerengi achimve kwambiri n'chakuti agwape ochuluka mumawaona m'mavidiyowo sanachuluke okha. Cha m'ma 1900 m'dziko lonse la America munatsala osapitirira 500,000 chifukwa anthu ankangopha chipheiphe n'kumagulitsa nyama ndi zikopa, ndipo ku Indiana anatheratu psiti. Anachita kuyamba kuwabweretsa kuchokera ku zigawo zina mu 1934, anthu n'kudikira mpaka 1951 kuti aloledwenso kusaka. Lero dziko lonselo akuti lili ndi pafupifupi 30 miliyoni. Chinathandiza ndi lamulo ndi ndalama. Mu 1937 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Pittman-Robertson lopititsa msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo ku ntchito yosamalira nyama zakutchire, ndipo mu 1972 anaonjezerapo mauta ndi mivi. Pafupifupi mlenje aliyense amagula layisensi, ku Indiana wobadwa pambuyo pa 1986 amayenera kuphunzira kaye kosi ya ulenje, nyengo ya mauta imatsegulidwa pa 1 Okutobala n'kutsekedwa kumayambiriro kwa Januwale, pali chiwerengero cha nyama zimene munthu mmodzi angaphe, ndipo akapha amayenera kuilembetsa ku boma pasanathe maola 48. Nyama yake ndi yodya pakhomo kapena kupatsa ena, yogulitsa ayi. Munthu uja akumwetulira ndi nyanga m'vidiyo ali ndi mapepala m'thumba.

Ifeyo tili pomwe anzathuwo anali zaka zambiri zapitazo. Pamene a bungwe losamalira mapaki la African Parks ankayamba kuyendetsa paki ya Liwonde mu 2015 anazula misampha ya waya yopitirira 30,000 m'zaka zoyambirira zokha, ambiri mwa mawayawo tikuwadziwa, ndi a buleki ya njinga omwewa. Mu 2018 anaonjezera nkhalango ya Mangochi imene yagundana ndi pakiyo, chaka chomwecho mikango inabwereranso, mu 2019 kunabwera zipembere 17 kuchokera ku South Africa, ndipo mu 2022 njovu 263 anachita kuzisamutsira ku Kasungu chifukwa zinachuluka. Nyama zayamba kumene kubwerera. Lamulo la za nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, pa njovu, chipembere kapena ngaka munthu akhoza kukaseweza mpaka zaka 30, ndipo ngakhale kagwape ukakapha m'nkhalango yotetezedwa, kaya ya Mangochi, Namizimu kapena Phirilongwe, ndi mlandu ndithu, agemu akakupeza ndi uta mumtengo sadzafunsa kuti unaonera vidiyo ya ndani. Anyamata ambiri zimenezi sakuzidziwa, akuona ngati mlandu ndi mfuti yokha.

Ndisabise, mlimi akulira zoona. Nguluwe zikalowa m'munda wa chimanga kapena chinangwa usiku umodzi zimagwetsa thukuta la mwezi wathunthu, masana anyani nawo ali pomwepo, ndipo kuno ambiri ndife Asilamu, nguluwe sitidya, ndiye munthu akamailondalonda si dyera la ndiwo, ndi mkwiyo ndi njala. Mkwiyo womwewo ndi umene umatcheretsa waya, koma waya sasankha, amagwira mbawala, galu, mbuzi ya mwini, ngakhale chitamba cha mwana wa njovu, ndipo nyama imafa pang'onopang'ono ndi ludzu masiku awiri atatu. Kwa ife ngakhale atagwidwa gwape weniweni, nyama yofa yopotoledwa pakhosi ndi haramu, mashehe athu amatiuza zimenezi koma kumsika wamseri anthu akugula osafunsa kuti inafa bwanji.

Pempho langa likupita ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mafumu athu ndi aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe m'masukulu. Bwerani m'midzi, lankhulani pa mawayilesi a m'dera m'Chichewa ndi m'Chiyao, muwauze anthu momveka chimene mlimi akuloledwa kuchita nguluwe ikalowa m'munda mwake, akanene kwa ndani, pa nambala iti, ndipo wouzidwayo abwere chimanga chisanathe. Ngati m'tsogolomu nyama zidzachuluke kunja kwa malo otetezedwa, ndipo ziwerengedwe kaye zisanaganiziridwe zina, ine sindingakane kuti padzakhale ulenje wa layisensi, wa masana, wa nyengo yake, wa anthu ophunzitsidwa okhala ndi zida zoyenera, ndalama ya layisensiyo mbali ina izitsala m'mudzi momwemo kuti anthu aziona phindu la nyama yamoyo. Koma izo n'za mawa. Chaka chino chimanga chikayamba kukhwima, makolo tiyeni timange zilindo za mizati inayi zazifupi monga kale, ana azilonda awiriawiri ndi moto, zitini ndi agalu, ndipo bambo aliyense amene waona kathabwa kamangidwa pa mphanda ya mtengo wa kumunda kwake akakamasule mawa lomwe, afunsenso kuti uta uli kuti.

Ndine mlimi wodandaula,
Namwera, Mangochi